Oilo asanduke nthunzi, asayake: kuika utsi pa ndege ya rimoti ya turbine

Funso

Ndili ndi galaja pa Kasungu boma. Chaka chatha alamu anga anandibweretsera ndege ya rimoti yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Johannesburg. Injini yake ndi ya turbine, yonga ya ndege za jet, ya mphamvu yokankha ya 120N, ili mkati mwa thupi la ndegeyo ndipo mpweya umatulukira pa paipi yaitali kumchira. Ndaiulutsa maulendo 15 tsopano. Ndikufuna izilemba utsi m'mwamba ngati ndege za pazionetsero, makamaka pa 6 July, utsi wakuda, wofiira ndi wobiriwira. Kodi ndikhoza kungothira oilo m'thanki ya mafuta? Oilo wakutha wa magalimoto ndili naye m'madiramu, komanso ndili ndi kapampu kopopera madzi pagalasi la galimoto. Ndithandizeni.

Aphiri, Kasungu

Yankho

Aphiri, mwachita bwino kufunsa musanathire kanthu m'thankimo. Safunsa anadya phula, ndipo phula la pa turbine limawawa m'thumba. Mtengo wa injiniyo alamu anuwo akuudziwa. Zinthu zinayi mwatchulazi, oilo m'thanki ya mafuta, oilo wakutha, kapampu ka pagalasi ndi mitundu ya mbendera, ndikukanizani zonse. Koma utsi wokhawo mukhoza kukhala nawo, woyera kuti mbee, wothithikana, ndipo kwa munthu wa galaja ngati inu ntchito yake si yozunguza mutu.

Timvane kaye kuti utsiwo n'chiyani, poti zina zonse zatsamira pamenepa. Mwaimapo pa chiwaya madzulo. Mnyamata wokazinga tchipisi akadonthetsa mafuta m'mbali mwa chiwaya, pomwe chitsulo chatentha kwambiri koma palibe lawi, pamafuka utsi woyera. Mafuta omwewo akadonthera pansi pa nkhuni, pamabuka lawi lachikasu ndi mwaye. Utsi wa pazionetsero ndi woyamba uja. Oilo sapsa ayi. Amakumana ndi mpweya wotentha wotuluka mu injini, wa madigiri pakati pa 500 ndi 750, n'kusanduka nthunzi. Nthunziyo ikangofika kunja kozizira imaundana kukhala timadontho tating'onoting'ono tosawerengeka, ndipo timeneti nditimene timabweza kuwala kwa dzuwa n'kuoneka toyera. Kunena zoona si utsi n'komwe, ndi nkhungu ya oilo, mbale wake wa nkhungu ya m'dambo m'mawa wa June. Oilo akayaka, ndiye kuti penapake mwalakwitsa.

N'chifukwa chake m'thanki ya mafuta simungathiremo. Chilichonse chochokera m'thanki imeneyo chimakafikira m'chipinda choyakira moto mkati mwa injini, ndipo chimapsa. Utsi woyera simuuona. Chomwe mupeze ndi makala omata pa timapaipi topopera mafuta, injini yovuta kulira, ndi kutentha kosagwirizana mbali zonse. Oilo amene mumasakaniza kale mu palafini kapena mu mafuta a ndege a Jet A1, uja wa 5 pa 100, ntchito yake ndi ya maberingi, omwe amazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi. Muyezo umenewo musaukhudze.

Oilo wa utsi ali ndi msewu wakewake, sakumana ndi mafuta a injini paliponse. Amachoka m'thanki yake, kudutsa pa sefa, kulowa mu pampu, kudutsa pa valavu yotseka, kenako kulowa mu kapaipi ka chitsulo komwe kamamulavulira mu mpweya wotentha kuseri kwa injini. Basi. Zipangizo ndi zisanu zokha, koma chilichonse chili ndi njira yake yokupweteketsani.

Ndiyambe ndi kapaipi ka chitsuloko, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amataya masiku. Kakhale ka chitsulo chosachita dzimbiri, ka mamilimita 3 kapena 4. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndiye muiwaleni. Kopa ndi bulasi zimafewa zikatentha n'kuzizira kangapo, kenako zimapindika zokha. Tsegulani chivindikiro cha pamwamba pa injini muone: pakati pa mlomo wa injini ndi mlomo wotambasuka wa paipi ya kumchira pali mpata wa masentimita 2 kapena kupitirirapo pang'ono. Mpatawo anausiya dala. Mpweya wothamanga wa injini umakokera momwemo mpweya wozizira umene umaziziritsa paipi yonse. Musautseke, musaufupikitse, ndipo musasunthe injini pofuna kupezera malo kapaipi kanu. Kapaipiko kalowere mu mpata womwewo, nsonga yake ikhale sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka kuseri kwa mlomo wa injini, yopendekera kumchira, italowa mamilimita ochepa chabe mu mpweya wotenthawo.

Mukakalowetsa kwambiri, mpaka pakati, kamafiira ngati khasu la pa ng'anjo, oilo amapserera mkati mwake n'kukatseka, ndiponso kamasokoneza mpweya umene ukukankha ndege. Mukakasiya panja kwambiri, oilo sagwidwa ndi mpweya, amangotsetsereka pa khoma la paipi n'kukadikha pansi, ndipo oilo wodikha m'paipi yotentha ndiye chiyambi cha moto. Mlomo wa injini musauboole ndi dirilo ngakhale wina akuuzeni kuti iye anatero. Ngati injini yanu ili ndi kawaya koyezera kutentha kolowera pa mlomopo, kapaipi kanu kasakakhudze ndipo oilo asakathirepo, chifukwa kompyuta ya injini, ECU ija, imadalira kawaya kameneko podziwa ngati moto ulipo.

Nsonga ya kapaipi muifinye ndi pulayala, pasiyike kampata kopyapyala ngati ka lezala. Mukudziwa mmene mumachitira pothirira dimba, chala pakamwa pa paipi kuti madzi amwazike. Oilo womwazika amasanduka nthunzi msangamsanga, pomwe wotuluka ngati chingwe theka lake limangodutsa lili lamadzi n'kukamata pa mchira. Ena amaika timapaipi tiwiri, kumanzere ndi kumanja. Utsi umanenepa ndithu, koma pa 120N kamodzi kokonza bwino kamakwana. Mukamange ndi kachitsulo pa lamba wogwira injini kapena pa thabwa lomwe injini yakhalapo, mwamphamvu moti ngakhale mutakakankha ndi chala kasatembenuke.

Chitsulocho chipitirire kutsogolo masentimita 15 kapena 20, kufika pomwe mungagwire ndi dzanja injini itangozima, ndiye pamenepo mulumikize paipi yofewa. Yofewayo ikhale ya Tygon, yachikasu ija, kapena ya polyurethane yonga imene ili kale pa mafuta a injini yanu. Ya silikoni imatupa ikamwa oilo n'kuvuka yokha. Timapaipi ta diripi, tomwe ndaona anyamata akutola, timauma gwa pakapita milungu n'kung'aluka. Polumikiza paliponse mangani ndi waya wopyapyala maulendo awiri. Ndipo musasiye kanthu kolendewera kutsogolo kwa injini, pakuti imameza chilichonse chimene yachipeza.

Tsopano valavu. Iyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo ndi imene inandiphunzitsa ulemu. Ma jet ndinawaphunzira ndili ku Joni, komwe ndinagwira ntchito zaka zingapo, Loweruka lililonse ndili pa bwalo la kalabu ina kunja kwa tauni. Utsi wanga woyamba ndinauika popanda valavu, poganiza kuti pampu ikaima ndiye kuti oilo waimanso. Tsiku limenelo ndinadzaza thanki ya utsi kunyumba, n'kutseka kapaipi kopumira kuti oilo asatayikire m'galimoto. Pabwalo ndinaiwala kukatsegula. Ndege inakhala padzuwa ola lathunthu ife tikucheza. Mpweya wa m'thanki unafufuma ndi kutentha n'kukankha oilo pang'onopang'ono kudutsa m'magiya a pampu, dontho, dontho, mpaka m'paipi ya kumchira. Nditaliza injini, kumchira kunatuluka lawi lotalika ngati mkono wanga, ndipo silinazime nditazimitsa injini, chifukwa chomwe chinkayaka sichinali mafuta a injini. Mnzanga wina anali chilili ndi chozimitsira moto cha CO2, ndiye amene anaipulumutsa. Titatsegula tinapeza mawaya a servo ya kumchira, kamota kosuntha chiwongolero, atasungunuka mbali imodzi. Zikanachitikira m'mwamba, bwenzi nditatola zidutswa.

Choncho pakati pa pampu ndi kapaipi ka chitsulo ikanipo valavu yolola oilo kupita mbali imodzi yokha, yokhala ndi kasipuling'i kolimbirapo kotseguka pokhapokha pampu ikakankha. Yabwino koposa ndi ya magetsi, solenoid, yonga imene ili pa mafuta a injini yanu. Musaiwale kuti si dzuwa lokha limene limakankha oilo. Mpweya wothamanga pa nsonga ya kapaipi umayamwa, ndiponso thanki ikakhala pamwamba pa nsongayo oilo amatsika yekha monga mmene mumapopera petulo m'galimoto ndi paipi. Kapaipi kopumira ka thanki katulukire pansi pa ndege, kutali ndi injini. Podzazira oilo mupakepo penti yosiyana ndi podzazira mafuta, chifukwa tsiku lina mudzakhala mukuyankha mafunso a ana uku mukudzaza.

Chozimitsira moto, poti ndachitchula: cha CO2, osati cha ufa. Cha ufa chimazimitsa ndithu, koma ufawo ukalowa mu injini maberingi atha.

Kapampu ka pagalasi kaja kasiyeni pa galimoto. Anakapangira madzi, kamapalasa ndi timapiko m'malo mokankha ndi magiya, ndiye oilo wolemerera kamamulephera, sikayamwa kakakhala kouma, ndipo timalabala take timafufuma ndi oilo. Chofunika ndi pampu ya magiya. Zilipo zopangira ntchito yomweyi, monga ya PowerBox ya ku Germany kapena Skywriter ya Sullivan ya ku America, zomwe zimalumikizidwa pa risiva, kachipangizo ka m'ndege kolandira malamulo a rimoti, ngati servo ndipo liwiro lake mumasintha pa rimoti. Ngati alamu anu angapeze pampu yakale ya mafuta a turbine, nayonso imagwira bwino mukaipatsa kachipangizo kowongolera liwiro la mota. Chimene sindilola ndi pampu kudya pa batire la risiva. Oilo akalimba m'mawa wozizira kapena nsonga ikatsekeka, pampu imakoka magetsi ambiri, ndipo risiva ikaphethira kwa sekondi imodzi yokha ndege yothamanga makilomita 250 pa ola yayenda mamita pafupifupi 70 yopanda mwini. Ipatseni batire lakelake, la LiPo la maselo awiri, la mavoti 7.4, ngati buku la pampuyo likulola.

Pa rimoti musangoika switchi yoyatsa ndi kuzimitsa basi. Chala chimagunda switchi osadziwa. Konzani kuti pampu izilira pokhapokha zinthu ziwiri zikagwirizana: switchi yayatsidwa, ndiponso throttle, ndodo ya pa rimoti yowonjezera mphamvu ya injini, yapitirira theka. Injini ikamalira pang'onopang'ono mpweya wake umakhala wotenthabe koma wopanda liwiro lokwanira kunyamula oilo yense, ndiye amadikha, kenako amayaka. Poliza injini, pozimitsa, ndi pa nthawi imene ikudziziziritsa yokha itazima, pampu ikhale chete. Pa failsafe, pomwe mumauza risiva chochita ikasiya kumva rimoti, utsi ukhale wozima pamodzi ndi injini. Yesani zimenezi pansi, kapaipi mutakalozetsa m'botolo: yatsani pampu, zimitsani rimoti, muone ngati yaima.

Pali msampha umodzi umene kukonza kwa pa rimoti sikuutseka. Injini ikazima yokha m'mwamba, ndodo ya throttle imakhala ikadali pamwamba m'dzanja mwanu, ndiye rimoti imayesa kuti zonse zili bwino, pampu n'kumathirabe oilo m'paipi yotentha yopanda mpweya woukankhira kunja. ECU zina, monga za JetCat, zili ndi polumikizira valavu ya utsi, ndipo zimaitsegula injini ikakhala ikulira basi. Ngati yanu ili napo, gwiritsani ntchito pamenepo. Ngati ilibe, phunzitsani chala chanu: phokoso likangoti zii, choyamba ndi kuzimitsa utsi, kenako muganize zotera.

Tibwere kwa oilo, komwe kuli madiramu anu aja. Oilo wakutha ali ndi mwaye, tizitsulo toperesedwa, asidi ndi zotsalira za petulo. Atseka sefa, adya magiya a pampu, apereka utsi wotuwa wonunkha, ndipo nkhungu yakeyo ndi yoipa m'mapapo mwanu ndi mwa ana amene adzathamangire kudzaonerera. Mafuta ophikira amafuka bwino pa chiwaya, koma m'timapaipi amasanduka ulimbo pakapita milungu iwiri, pampu n'kugwira. Palafini wa nyale ndi wopepuka kwambiri, nthunzi yake imagwira moto pa madigiri ongopitirira 38, ndiye mukamulavulira kuseri kwa turbine mumangopeza lawi ndi kautsi kopyapyala. Dizilo amagwira, ndipo ambiri amayambira pa iye chifukwa ali pa filing'i siteshoni iliyonse. Utsi wake ndi wapakatikati, umabalalika msanga, umanunkha, ndipo amayaka mosavuta kuposa oilo weniweni wa utsi. M'ndege ya injini yapanja ndikhoza kungokuchenjezani, koma m'ndege yanu ya paipi yobisika mkati sindimukonda.

Oilo weniweni wa utsi ndi oilo woyera wopepuka wochokera ku mafuta a pansi, wopanda zosakaniza, amene sagwira moto mpaka atatentha kupitirira madigiri 150. Mtunda umene uli pakati pa kusanduka nthunzi ndi kuyaka ndi umene mukugula. Ngati katundu akubwera kuchokera ku South Africa, itanitsani wa m'mashopu a ndege za rimoti. Kuno kwathu abale ake alipo awiri. Wina ndi oilo wodzoza makanda, baby oil uja: amafuka bwino kwambiri, koma timabotolo take n'tating'ono, ndipo ndege imamwa lita pa ulendo umodzi. Wina ndi oilo wa makina osokera, woyera ngati madzi, amene ogulitsa zipangizo za matelala amakhala naye m'zigubu. Ameneyu ndi amene ndingayambire kufufuza ku Lilongwe. Gulani pang'ono kaye, mudonthetse pa chitsulo chotentha panja, muone ngati akufuka woyera osasiya chikanga chakuda. Ku famase kuli wina wolembedwa kuti liquid paraffin. Dzina lisakusokonezeni, si palafini wa nyale, ndi oilo woyera yemweyo koma wolemera, ndipo pampu yaing'ono imavutika naye m'miyezi yozizira.

Wina akadzabwera pa galaja ndi kachigubu ka oilo wa m'thiransifoma, n'kumati ndi woyera bwino, mubwezeni. Kawirikawiri amakhala wakuba, ndiye mudzi wina uli mumdima chifukwa cha iye. Komanso wa m'mathiransifoma akale amatha kukhala ndi mankhwala a PCB, poizoni amene sachoka m'thupi, ndipo akatenthedwa amabala wina woopsa kuposa iyeyo.

Nanga ochuluka bwanji? Pa injini ngati yanu pampu imathira mamililita mazana angapo pa mphindi, moti thanki ya lita imodzi imakupatsani utsi wa mphindi 2 kapena 3. Zikumveka zochepa, koma ulendo wonse wa jet ndi mphindi 6 kapena 7, ndipo utsi umakoma ukamabwera pa nthawi yake, pokwera, pogudubuzika, podutsa patsogolo pa anthu. Lita imodzi ya oilo imalemera magalamu pafupifupi 850. Onjezanipo thanki, pampu, batire ndi mapaipi, mwadutsa kilogalamu. Thankiyo ikhale pafupi ndi pamene ndege imakhazikika mukainyamula ndi zala pansi pa mapiko, pa CG. Mukaiika kumphuno, mudzanyamuka ndi ndege yolemera kutsogolo n'kutera ndi ina, pakuti oiloyo amatha m'mphindi zochepa. Mukaiika kumbuyo ndiye zoopsa zenizeni, chifukwa ndege yolemera kumchira simva chiwongolero. Pimani kanayi: matanki onse odzaza, onse opanda kanthu, la mafuta lokha lodzaza, la utsi lokha lodzaza. Muyezo womalizawu ndi umene mudzatere nawo tsiku lomwe pampu yakana kugwira.

Kilogalamu imeneyi ku Kasungu imalemera kuposa mmene mabuku a ku Ulaya amaganizira. Muli pa mtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 10 pa 100. Masana a October, kutentha kukafika m'ma 30, kupepukako kumadutsa 15 pa 100. Injini yolembedwa 120N sikupatsani 120N, mapiko nawo amafuna liwiro lochulukirapo kuti anyamule, ndiye msewu wonyamukira umatalika mbali zonse ziwiri. Mwayi wanu ndi woti ndegeyo inachokera ku Johannesburg, komwe n'kokwera kuposa kwanuko, mamita oposa 1,700, choncho ngati inkauluka bwino kumeneko mphamvu ili nayo.

Kuyesa koyamba kuchitike injini ili yozima. Chotsani paipi yofewa pa kachitsulo, ilozetseni m'botolo la miyezo, lizani pampu masekondi 30, muwerenge. Yambirani pansi, monga mamililita 250 pa mphindi. Kenako tulutsani ndege pa malo opanda udzu, mphuno yoloza kumene mphepo ikuchokera, mnzanu mmodzi ataigwira, wina ali ndi CO2 m'manja, aliyense atatseka makutu. Pasakhale munthu kumbuyo, kapena m'mbali molunjika ndi injini. Kwezani throttle kupitirira theka, yatsani utsi masekondi atatu kapena asanu, zimitsani. Pansi paipi siizizira bwino ngati m'mwamba, ndiye musatengeke ndi kukongola kwake. Injini ikazima ndi kuzizira, unikani ndi tochi m'paipimo. Mukapeza monyowa, kapena pansi kuseri kwa mchira pali madontho, oilo wachuluka kapena nsonga ili panja kwambiri. Kuwonjezera oilo kupitirira amene kutentha kungathe kumusandutsa nthunzi sikunenepetsa utsi, kumangonyowetsa mchira. Kwezani pang'onopang'ono mpaka muone kuti utsi wasiya kusintha, ndiye bwererani pang'ono.

Za mitundu ija. Gulu la Red Arrows la asilikali a m'mlengalenga a ku Britain lakhala likupanga utsi woyera polavulira dizilo kuseri kwa injini za ndege zawo za Hawk, njira yomweyi ndakufotokozeraniyi. Wofiira ndi wabuluu amaupeza posakaniza utoto wapadera, ndipo ngakhale iwowo amanyamula woyera wa mphindi 5, wofiira wa mphindi imodzi, wabuluu wa mphindi imodzi. Utotowo ndi wodula, umathimbiriritsa chilichonse, ndipo pa ndege yaing'ono mtundu umatuluka wofuwirira. Pa ndege za rimoti, utsi wamitundu umene mumauona pa intaneti nthawi zambiri umachokera ku timakatiriji toyaka tomangirira kunsonga za mapiko. Timeneto tikayaka sitizimitsika mpaka titatha. Wakuda ndiye ayi ndithu, pakuti utsi wakuda ndi mwaye, kutanthauza kuti chinachake chikupsa moperewera, chomwe tanena kuti sitikuchifuna. Mbenderayo ipentedwe pa ndege, chakuda, chofiira ndi chobiriwira pa mapiko, dzuwa lake pa mchira, kumbuyo kukhale mzere woyera. Pa thambo la July lopanda mtambo zimaoneka bwino kuposa mmene mukuganizira.

Koma July yemweyo ndi amene akundidetsa nkhawa. Udzu wauma, mapesi ali m'minda, mwera ukuwomba. Jet ikagwa imagwa ndi malita a palafini, ndipo inu mukuwonjezerapo lita ya oilo ndi batire lina la LiPo. Moto wolusa ukayamba ndi ndege yanu n'kukafika pa zigafa kapena pa nkhokwe za eni ake, mlandu wake kwa amfumu simungaukwanitse ndi galaja. Sankhani malo olambula, uzani eni minda yozungulira, ndipo pakhale anthu ndi madzi ndi nthambi zaziwisi kumbali imene mphepo ikulowera. Pamwamba pa khamu la anthu musadutse, ngakhale akukuwa kuti tsitsani. Anthu onse akhale kumbuyo kwanu, ndege patsogolo panu.

Mlengalenga mwa Kasungu namonso muli eni ake. Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madironi pa bwalo la ndege la Kasungu, ofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalopo, ndipo bwalolo limalandiranso ndege zonyamula anthu. Musanaganize za chionetsero, lemberani a Civil Aviation, oyang'anira za maulendo a ndege, auzeni kulemera kwa ndege, liwiro lake, malo ndi tsiku, mutenge chilolezo cholembedwa. Ngati ndi pa mwambo wa boma, apolisi ndi a kwa DC adziwiretu. Ndege ya mitundu ya mbendera yolira ngati ya nkhondo, ikufuka utsi, anthu osauzidwa adzaiyesa kuti ikupsa, kapena zina zoposa pamenepo.

Ndinene mosabisa, Aphiri: maulendo 15 ndi ochepa. Utsi umaba maso. Mumayamba kuyang'ana mzere m'malo moyang'ana ndege, ndipo mukatembenukira komwe mwachokera ndege imalowa mu utsi wake womwe n'kubisika kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Ine ndikanakonda mutafika maulendo 40 kapena 50, kutera kutakhala kosaganizira, ndiye chionetsero chidikire July wa chaka chinacho. Zipangizo mukhoza kuika panopa. Ulendo woyamba muuluke thanki ya utsi ilibe kanthu, kuti mumve kulemera kwa zitsulo zokha. Wachiwiri idzazeni koma osayatsa, mutere nayo yodzaza. Wachitatu kwerani m'mwamba ndithu, ndege ikuuluka mowongoka kutsogolo kwanu, yatsani masekondi asanu, zimitsani, muone ngati utsi wadukadi nthawi yomweyo. Ukamapitirira kutuluka pang'onopang'ono, valavu ikudontha, terani. Pa ulendo uliwonse zimitsani utsi kukadali mphindi imodzi kuti mutere, mudutse kamodzi ndi throttle yokwera kuti paipi iume.

Walira mvula walira matope: ndege ya utsi imabwera ili noninoni kumchira, ndipo fumbi la Kasungu limakonda oilo. Khalani ndi sanza ndi madzi a sopo m'bokosi la zipangizo. Mukamapukuta, kokani pang'ono chiwongolero chilichonse cha kumchira, chifukwa oilo akalowerera m'mahinjesi amafewetsa guluu ndi thabwa mwakachetechete. Tsegulaninso chivindikiro muone mawaya oyandikana ndi paipi ngati asintha mtundu. Oilo wotsala m'thanki mumupope abwerere m'chigubu musanakweze ndege m'galimoto, ndipo batire la pampu mulizule.